Maswiti a M'thumba la Mkamwini

Ndinawauza onse tsiku lomwelo limene tinachokera kuchipatala, tisanamasule n'komwe katundu panjinga. Amayi anali pakhonde akupeta nandolo, ndipo Loyce, mkulu wanga, ankatsuka mbale pafupi ndi thandala.

"Anesi anena kuti bambo a Ufulu akabaya jakisoni azidya nthawi yomweyo," ndinatero. "Akamagwira ntchito yolemetsa shuga amatsika m'thupi. Mukaona thukuta lozizira, manja akunjenjemera, kapena ayamba kukalipa popanda chifukwa, muwapatse shuga msanga. Wa m'tiyi yemweyu, kaya maswiti."

Loyce anaika mbale pansi kuti aseke bwino.

"Munthu akudwala shuga, ife timuwonjezere shuga? Basi ndiye woledzera tizimutsitsimutsa ndi kachasu."

"Sindine ndanena, ndi anesi."

"Anesiwo unawamva bwino, kapena unkanjenjemera monga mwa masiku onse? Komanso alamu angawa akalipe? Awa akaponda nkhuku amaipepesa."

Amayi sanadzutse mutu. Anangouzira mankhusu m'lichero n'kunena kuti tikapume, tayenda padzuwa.

Mwina sanalakwe kundiseka. Pamudzi pathu aliyense amadziwa kuti ine Belita ndine wamantha. Mwana wanga Ufulu akangotsokomola kamodzi, ine ndayamba kale kufuna nsapato zopitira kuchipatala. Koma tsiku limenelo ndinali nditamvetsetsa. Ndinawafunsa anesi aja mobwerezabwereza mpaka anthu apamzere anayamba kung'ung'udza.

Mwamuna wanga Eneya kwawo ndi ku Chiringa. Titakwatirana anabwera kudzakhala kwathu kunsi kwa phiri la Michesi, monga amachitira mkamwini aliyense kuno, ndipo tinamanga kuseri kwa nyumba ya amayi. Ulemu wake unkachititsa anthu nsanje. Amayi akamabwera kunjira, iye ankapatukira kutchire n'kunjuta. Moni ankapereka ali patali, maso ali pansi. Mkamwini sadya apongozi akuona, ndipo Eneya lamulo limeneli ankalisunga koposa amene anamuphunzitsa. Chikwatirane chathu, amayi anali asanamuonepo akutafuna ngakhale mtedza umodzi.

Matenda anamupeza ataonda kale, akumwa madzi ngati ng'ombe. Jakisoni atamuyanja, thupi linabwerera. Mabotolo a mankhwala tinkasunga mumtsuko wa mchenga wonyowa, pakona pozizira. Ine ndinasanduka mlonda. Ndinkayang'ana mlomo wake wam'mwamba ngati pali thukuta, zala zake akamamanga zingwe za nsapato, ngakhale mmene akuyankhira moni. M'mawa uliwonse ndinkamuikira maswiti m'thumba la malaya. Ufulu, wa zaka ziwiri zokha, sanachedwe kulidziwa thumbalo, choncho ndinayamba kulitseka ndi pini.

Mu Okutobala inafika nthawi yogalauza mizere m'munda wa amayi, umene uli kumtunda, pomwe miyala ya phiri imayambira. Kwathu anthu amapita kumunda m'mimba mulibe kanthu, kudya n'kobwerera. Tsiku limenelo Eneya anabaya jakisoni, ine phala ndili nalo pamoto. Asanafike pakati pa mbale, amayi anadutsa ndi khasu paphewa, Loyce ali pambuyo.

"Malizani kaye, bambo a Ufulu."

"Apongozi akayambe kulima ine ndili pano ndikunyambita supuni? Ndikadya pobwera."

Ndinalephera kuwatsatira chifukwa Ufulu anagona ndi thupi lotentha. Ndinangoima pakhomo n'kumuyang'ana mpaka anabisika ndi mitengo ya mango.

Dzuwa lisanafike pamutu, amayi anatulukira okha patsogolo, akuyenda ngati munthu wochokera kumaliro. Analowa m'nyumba osasamba m'mapazi. Loyce anaponya makasu awiri pansi.

"Amuna ako aja amwa."

"Samwa mowa. Ali kuti?"

"Ndiye ayamba lero. Timalima bwinobwino, amayi angodzuka kuti awongole msana, iwo n'kuponya khasu uko. 'Mukundiyang'ana chiyani? Ndakuberani chiyani? Chokani apa, Gertrude.' Ndi pakamwa pawo pomwepa, Belita. Gertrude."

Dzina la amayi limenelo ife ana sitilitchula. Womaliza kulitchula pamudzi pano anali bambo athu, ndipo anapita nalo kumanda.

"Mwawasiya kuti?"

"Pansi pa mango wa m'malire uja. Amadzandira. Mowa ukawathera abwera."

Ndinathira shuga m'botolo la madzi. Ufulu ndinamusiya m'manja mwa Loyce osapempha. Njira yonse ndinkathamanga ndikugwedeza botolo.

Ndinamupeza atatsamira mtengo, malaya ali chonyowa, khungu lili zii ngati mtsuko, dzuwa likuswa mtengo chonsecho. Maso anali otsegula koma sankandiona. Ndinamugwira chibwano n'kumamwetsa pang'onopang'ono, ndikumuitana. Anameza. Patapita kanthawi maso aja anabwerera, ngati nyali imene aithira mafuta.

"Khasu langa lili kuti?" ndilo linali funso lake loyamba.

Ndinagwira thumba la malaya. Pini inali yotseka, maswiti onse ali momwemo.

"Simunamve kuti watsika?"

"Ndinamva, amake Ufulu. Miyendo inalemera, mtima n'kumathamanga. Ndinagwira thumba. Koma amayi anali mzere wachiwiri kuchokera pa ine. Ndinati ndimalize mzerewu, ndikadyere kuseri kwa chulu."

"Ndiye?"

"Mzere wake sindikudziwa ngati ndinaumaliza."

Nditamuuza zimene ananena, anagwira mutu ndi manja onse awiri. Sanakumbukire liwu ndi limodzi lomwe. Madzulo anakagwada pabwalo la amayi, patali, n'kutuma Loyce kuti akamupepesere. Amayi anatseka chitseko.

M'mawa mwake ndinamva kuti nkhani yafika kale kwa amalume a Sitima, achimwene awo a amayi, amene ndi nkhoswe ya ukwati wanga. Iwo nthawi ino amakhala kugombe la Chilwa akugula nsomba zoyanika. Anayankha pafoni kuti Loweruka adzadzera ku Chiringa kukatenga ankhoswe a Eneya, abwere limodzi. Sindine mwana. Ankhoswe awiri akabwera pa mlandu wotukwana apongozi, mkamwini amamanga chikwama n'kukankha njinga yake, ana n'kutsala. Ku Chiringako Eneya ali ndi bambo ake okha, okalamba, maso akuona mwachimbuuzi. Ndani akanamuonera thukuta la pamlomo lija? Ndani akanadziwa kuti akayankha moni mwachidule ndiye kuti zayamba?

Ndinawapeza amayi kuseri kwa nkhokwe akusankha mbewu.

"Amayi, sanali iwo aja. Ndi matenda. Ubongo umadya shuga, ukasowa munthu amasokonezeka. Tinaphunzira ku Folomu 3, ndipo anesi ananenanso."

"Za kusukulu zakozo ukauze anzako."

"Maswiti anali nawo m'thumba. Analephera kudya chifukwa cha inu, chifukwa cha ulemu."

"Ulemu umene unanditchula dzina?" Anaika chitsononkho pansi n'kundiyang'ana. "Tamvera, mwanawe. Mowa, misala, shuga wakoyo, zonsezi zimangotsegula chitseko. Chotuluka ndi chimene chinali kale m'nyumbamo. Zaka zonsezi akundigwadira, kumtima akuti Gertrude."

Choipa n'chakuti mawu amenewo anandilowa. Masiku otsatirawo ndinkamuyang'ana Eneya akusewera ndi Ufulu, akumupangira galimoto ya zitsononkho, ine n'kumadzifunsa kuti m'nyumba yake yamkatiyo mulinso chiyani chimene sindinachione. Kodi za ine amati chiyani chitseko chikatseguka? Iye ankangoti phee, akudya mochepa, akuyenda mozemba ngati mlendo amene wakhalitsa.

Lachisanu anadzuka n'kunola khasu.

"Mukupita kuti?"

"Munda wa amayi watsala theka. Ngati mawa ndikupita, ndisasiye anthu akunena kuti anatukwana n'kusiyanso ntchito."

Ndinakana, ndinachonderera, osamva. Ndiye ndinakhala pambali pake mpaka anamaliza phala lonse ndi mbatata pamwamba. Ndinaika maswiti m'thumba, n'kutseka pini. Linali tsiku la sikelo ya ana, ndipo Ufulu atadwala chotero sindikanajomba. Tinapangana kuti dzuwa likangotentha abwerere.

Kusikelo mzere unali wautali. Ndinkangodzuka n'kukhala, mpaka mayi wina anandifunsa ngati pabenchi pali nsikidzi. Pobwera ndinapeza nyumba yotseka, njinga ili pomwe inali, khasu palibe.

"Amayi ali kuti?" ndinamufunsa Loyce.

"Akazula chinangwa kumtunda."

"Kumunda uja?"

"Nanga chinangwa tili nacho kwina?"

Ndinapanganso madzi a shuga. Ufulu sindinamutsitse kumsana.

Ndinayamba kumva mawu ndisanaone munthu. Nditatulukira m'munda, amayi anali ataima m'mphepete mwa chinangwa, dengu lili pansi, dzanja lili pakamwa. Eneya sanali kuyang'ana iwo. Anali kuseri kwa chulu, chimene ankati akadyereko tsiku lija, ataimirira mopendama, dzanja limodzi likukanda thumba la malaya. Zala zinkaterereka pa pini. Ankakalipira chulucho.

"Mukundiyang'ana chiyani? Ndakuberani chiyani? Chokani apa."

Anachimenya ndi phazi, n'kutsala pang'ono kugwa.

Amayi analankhula motsitsa, osandiyang'ana. "Anandiona ndikufika, anandipatsa moni bwinobwino, n'kupitiriza kulima. Kenako ndinaona akuzembera uko. Chuluchi chamulakwira chiyani?"

"Palibe, amayi."

"Mawu ake ndi omwe aja."

Ndinamuyandikira ndi botolo. "Bambo a Ufulu, imwani."

"Iwe ndiwe ndani? Ndisiye."

Ufulu anatulutsa mutu kumsana n'kuitana, "Ababa." Eneya anamuyang'ana ngati akuona chinthu chonyansa.

"Chotsani kamwanako apa."

Ndinamva amayi akukoka mpweya. Amadziwa mmene Eneya amamukondera mwanayu. Amamuona tsiku lililonse akumunyamula paphewa kupita naye kumjigo.

Nditakweza botolo, analimenya ndi dzanja. Linagubuduka mumzere, madzi onse n'kumwedwa ndi dothi. Miyendo yake inapinda, anakhala pansi mwadzidzidzi. Ndinadziwa zimene anesi ananena, kuti akakomoka sangathenso kumeza, ndipo kuchokera kumtunda kuno kukafika kuchipatala ndi ulendo. Ndinagwada, ndinakankha dzanja lake, n'kutsegula pini ija. Inandibaya chala koma sindinamve. Ndinasenda switi n'kumuikira pamlomo.

Apo n'kuti amayi atasendera pafupi. Eneya anawaona. M'chisokonezo chonsecho, munthu wosazindikira mkazi wake ndi mwana wake, anatseka pakamwa n'kutembenuzira nkhope kumbali.

"Amayi alipo," anatero, lilime likulemera.

Amayi anatembenuka msanga n'kudzifunda chitenje kumutu. "Kulibe munthu kuno. Idyani, bambo."

Sanatsegule. Thukuta linkatsika m'chibwano, mutu ukuyamba kugwera pachifuwa. Ine ndinali nditayamba kulira, ndikumupempha, ndikukankha switi pa mano otsekedwa.

Kenako amayi anavula chitenje chija kumutu. Anabwera n'kugwada pa dothi, maso ndi maso ndi mkamwini wawo, pafupi moti maondo anagundana. Ananditenga maswiti m'manja.

"Eneya."

Aka kanali koyamba kumva dzina limenelo pakamwa pawo. Iye anadzutsa maso pang'ono.

"Unanditchula dzina, nanenso ndakutchula. Tafanana. Taona kuno, ine ndikudya." Anaponya switi m'kamwa mwawo n'kuiphwanya ndi mano awo otsala aja, mokweza, kuti amve. "Waona? Palibe chagwa kumwamba. Tsegula pakamwa, mwanangu. Tafuna."

Anatsegula. Amayi anamuikira switi m'kamwa ndi zala zawo, kenako ina, kenako ina, akumuuza kuti tafuna, meza, ngati mmene amachitira ndi Ufulu. Ine ndinkangosenda n'kumapereka. Tinadikira. Mphepo inkagwedeza masamba a chinangwa, Ufulu akulira chapansipansi kumsana kwanga. Pang'onopang'ono kunjenjemera kunachepa. Eneya anayang'ana ine, anayang'ana mwana, kenako anaona amene wagwada patsogolo pake. Anadzidzimuka, n'kufuna kudzuka kuti athawire patali.

"Khalani pansi," anatero amayi. "Manyazi mwamaliza kale."

Anakoka dengu, anasenda chinangwa chozizira ndi kampeni kawo, n'kumupatsa. Ndinali nditawauza tsiku loyamba lija kuti pambuyo pa shuga pamafunika chakudya chokhalitsa m'mimba. Sindikudziwa ngati anakumbukira kapena anangoona munthu wanjala. Eneya analandira ndi manja awiri. Anadya maso ali pansi, misozi ikugwera pa chinangwacho. Amayi nawonso anadziswera chidutswa n'kumatafuna, akuyang'ana kuphiri.

"Ndanenanso zoipa?" anandinong'oneza.

"Mwatukwana chulu."

Amayi anamva. Anayesa kudzigwira, koma mapewa anawapereka.

Tinatsika pang'onopang'ono, Eneya pakati. Ufulu anakana kumuyandikira mpaka tinafika pamjigo, pomwe anatambasula manja yekha kuti amunyamule.

Dzuwa litapendeka tinakhala pabwalo la amayi. Eneya anakhala pampando wake wa masiku onse, kutali, pafupi ndi khola la mbuzi. Amayi sanamuitane kuti asendere, koma sanalowenso m'nyumba. Loyce anamva nkhani yonse atagwira m'chiuno.

"Ndiye mukuti alamu anadya inu mukuona? Ine ndaphonya zimenezo chifukwa cha mbale?" Anatembenukira kukhola. "Alamu, chulu chija mukachipepese. Nachonso chili ndi ankhoswe."

"Ndikapita ndi nkhuku, alamu," anayankha Eneya motsitsa. Aka kanali koyamba kuseka sabata yonseyo.

"Iwe Loyce," anatero amayi, "kuyambira mawa nawenso uziyenda ndi maswiti kumunda."

"Ndizidya ndekha."

"Udzadye, udzaone."

Ine ndinali nditachotsa kale pini pamalaya aja. Ndinkaganiza zosoka kathumba kena mkati, kopanda chotsekera, komwe Ufulu sangafike. Koma mtima sunakhazikike, chifukwa mawa linali Loweruka.

"Amayi, nanga amalume?"

Loyce anayesa kuwaimbira. Foni inali yozima. Anayesanso, chimodzimodzi. Kugombeko moto wa foni ndi wolipira, ndipo amalume akamaliza zolankhula amaizimitsa n'kuiika m'chikwama.

"Tidzawafotokozera akafika," anatero Loyce.

Amayi anapukusa mutu. "Achimwene anga suwadziwa. Akakalowa pabwalo la eni ake ku Chiringa n'kukhala pamphasa, nkhani siikhalanso yanga. Ikhala ya ankhoswe, ndipo mudzi wonse wa kwawo kwa bambo a Ufulu udzamva kuti mwana wawo anatukwana apongozi. Zimenezo sizifufutika."

"Ndipite ndine," ndinatero.

"Iwe adzati ukuikira kumbuyo mwamuna wako. Ndinawaitana ndine."

"Kodi adzamva? Amalume sabwerera panjira."

"Adzakalipa. Adzati ndawaonongetsa tsiku la malonda. Akalipe, ndinakula nawo." Kenako anakweza mawu kuti afike kukhola. "Koma dzina lija sindinaiwale, bambo. Linandiwawa."

"Ndamva, amayi. Pepani."

"Chabwino. Tidzakambirana ndikabwera, mutadya."

Anadzuka n'kukung'untha chitenje. Anauza Loyce kuti awatulutsire nsapato zawo za kutchalitchi ndi tochi. Amalume amanyamuka kugombe kukangoyera, ndipo panjinga safuna kupuma. Kuti munthu woyenda pansi akawadikire pamphambano ya ku Chiringa asanakhote, anayenera kuchoka kuno kusanache.

"Tambala woyamba akalira ndinyamuka," anatero amayi. "Belita, maswiti aja atsalako?"

"Alipo."

"Undimangire angapo pansonga ya chitenje. Ndikawaonetse achimwene chimene ndinawaitanira."